Chipinda cha mano pa chipatala cha boma: chimamusamala bwanji munthu amene ali pa ma ARV?

Mukafika ku chipinda cha mano pa chipatala cha boma cha m'ma 7 koloko m'mawa, mupeza benchi itadzaza kale. Uyu wagwira tsaya, uyo wamanga mpango kuzungulira chibwano, mayi wina akutonthoza mwana amene sanagone usiku wonse. Pempho la pafupifupi onse ndi limodzi: dzino lichoke lero. Kafukufuku wa HIV wa dziko lonse wotchedwa MPHIA, wa 2020 mpaka 2021, anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'Malawi muno ali ndi kachilombo ka HIV. Ndiye kuti pa akuluakulu 30 amene akhala pa benchi ija, awiri kapena atatu ali nako, ndipo ambiri mwa iwo akumwa ma ARV. Ndemanga ino ikuunika chithandizo chimene anthu amenewa amalandira akalowa m'chipindamo.

Kunena mosabisa, ntchito ya manja imayenda bwino. Pamene pamatsalira ndi pa mphindi zisanu zoyambirira, munthu asanabayidwe jakisoni wa dzanzi, nthawi yofunsa, yowerenga kabuku ka kuchipatala ndi yoyang'ana m'kamwa monse.

Amene amagwira ntchito imeneyi m'maboma ambiri ndi ma dental therapist, othandiza odwala mano amene si madokotala, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a udokotala weniweni wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, choncho madokotala a mano akadali ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda. Munthu mmodzi kapena awiri amasenza boma lonse. Chithandizo ndi chaulere, pamene ku zipatala za CHAM ndi za anthu mumalipira. Izi ziyenera kukumbukiridwa poweruza, chifukwa zolakwika zambiri zimachokera ku mzere wautali, sizichokera ku ulesi.

Tiyambe ndi zoyamikika. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, tizilombo tili tochepa m'magazi, amazulidwa dzino mofanana ndi wina aliyense, ndipo bala lake limapola mofanana. Jakisoni wa dzanzi ndi yemweyo, lignocaine wa 2 peresenti wosakaniza ndi adrenaline, ndipo salimbana ndi TLD, mankhwala a tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir amene ku kiliniki amawatchula 13A, omwe anthu ambiri akhala akumwa kuyambira 2019. Ma dental therapist ambiri amadziwa zimenezi ndipo sachita mantha. Zipangizo nazo zimaphikidwa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3 kapena pa 121 kwa mphindi zosachepera 15. Zopanira mano zoyera zikatha, kapena magetsi akazima, mzere umaima. Anthu pa benchi amang'ung'udza, koma kuimako ndiye kolondola. Chipinda chimene chimangopukuta chopanira ndi sipiriti n'kuitana wotsatira ndicho choyenera kuchithawa.

Pali chizolowezi china chakale chimene sichinatheretu: kumuika munthu amene waulula kuti ali ndi kachilombo kumapeto kwa mzere, kapena kuvala magolovesi awiriawiri pa iye yekha. Chimenechi chilibe maziko. Pa benchi pali ena amene ali nako koma sakudziwa, ndipo amene sakumwa mankhwala ndiwo ali ndi tizilombo tambiri m'magazi. Komanso HIV sindiyo yoopsa kwambiri pa mpando wa mano. Wogwira ntchito akadzibaya ndi singano imene yakhudza magazi a munthu wa HIV, mwayi wotenga ndi pafupifupi 3 pa 1,000, pamene matenda a chiwindi a hepatitis B amatha kufika 30 pa 100. Chitetezo chiyenera kukhala chimodzimodzi kwa aliyense wolowa pakhomo, ndipo ngozi ikachitika pali PEP, mankhwala oteteza kuti munthu asatenge HIV, oyambidwa pasanathe maola 72. Kusiyanitsa odwala kumangowaphunzitsa kubisa, ndipo wobisa ndiye amapatsidwa mankhwala olimbana ndi amene akumwa kale.

Kubisako kumayambanso ndi mmene chipinda chilili. M'malo ambiri mipando iwiri imalekanitsidwa ndi katani chabe, chitseko chili chotsegula, benchi ili pafupi. Funso lakuti "Mumamwa mankhwala aliwonse, bambo?" likafunsidwa mokweza, yankho limakhala lakuti ayi, chifukwa wa pa mpando winawo akhoza kukhala mnansi wa ku mudzi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu ndipo limaletsa tsankho, koma katani sadziwa lamulo. Njira yosavuta imene ena amatsata ndi yabwino: amatenga kabuku ka kuchipatala, n'kuloza ndi chala pa tsamba la ma ARV, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Awa mukumwabe, mayi? Munadumphitsapo?" Palibe wina amene wamva kanthu, ndipo yankho loona latuluka.

Nanga chofunika kudziwa n'chiyani dzino lisanakhudzidwe? Choyamba ndi mtundu wa ma ARV ndi nthawi imene munthu anayamba. Chachiwiri ndi zotsatira zomaliza za viral load, kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi, zomwe zimayezedwa pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Zikakhala zotsika, nkhani yatha, ntchito ipitirire. Zikapitirira 1,000, kapena munthu anasiya mankhwala miyezi ingapo, kapena wangoyamba kumene, ndiye pamafunika kuyang'ana mozama. CD4, muyezo wa chitetezo cha m'thupi, ikachepera 200 imatanthauza kuti matenda afika patali, ndipo munthu wotereyu amafunika kuyezedwa mkodzo pofufuza TB ndi magazi pofufuza cryptococcus, fangasi woyambitsa matenda oumitsa khosi, ku kiliniki ya ma ARV, ngakhale iye wabwera chifukwa cha dzino lokha.

Apa pali kusamvetsa kumene kumaoneka kawirikawiri. Ena amaganiza kuti CD4 ikatsika, dzino lisazulidwe, kapena munthu apatsidwe amoxicillin basi chifukwa ali ndi kachilombo. Zonse ziwiri n'zolakwika. Dzino lotunga mafinya mwa munthu wa chitetezo chochepa ndilo loyenera kuchoka msanga, chifukwa mafinyawo amatha kutsikira pansi pa nsagwada n'kutupitsa khosi mpaka kutseka mpweya. Manambala amene amalamula pa kuzula ndi ena. Ma platelet, tizidutswa ta m'magazi totseka bala, amayenera kukhala pakati pa 150,000 ndi 450,000. Akatsika pansi pa 50,000, magazi akhoza kusaleka, ndipo dzino lisazulidwe popanda kukambirana ndi dokotala. Ma neutrophil, asilikali a m'magazi olimbana ndi mabakiteriya, akatsika pansi pa 500, pamenepo ndiye mankhwala opha mabakiteriya amafunika dzino lisanazulidwe. Hemoglobin, muyezo wa kuchuluka kwa magazi, ikatsika pansi pa 7, ntchito yosafulumira idikire. Zonsezi zimatuluka pa kuyeza kumodzi, kwa full blood count, komwe labotale ya chipatala cha boma imatha kuchita makina akakhala ndi zoyezera zake.

Sikuti aliyense ayezedwe magazi ayi. Maso ndi mafunso awiri amasankha woyenera. Kokani chikope cham'munsi: chikakhala choyera ngati pepala, magazi ndi ochepa. Yang'anani zikhatho. Funsani ngati munthu amatuluka kamfuno, ngati akadzicheka magazi amachedwa kuleka, ngati msambo wakhala ukuchuluka. Timadontho tofiira kumwamba kwa m'kamwa, tonga tabayidwa ndi singano, ndi chizindikiro cha ma platelet ochepa. Amene ali pa mankhwala okhala ndi zidovudine, monga 8A ndi 14A, ndi oyenera kuwasamala kwambiri, chifukwa mankhwalawa amachepetsa magazi, ndipo Bactrim amene ambiri amamwa tsiku ndi tsiku amatha kuwonjezera vutolo. Pa gawo ili chithandizo cha m'zipatala zathu n'chosakhazikika: zimadalira amene mwamupeza tsiku limenelo, chifukwa fomu yofunsira mafunso ofanana kwa aliyense m'malo ena kulibe.

BP nayo imadumphidwa kawirikawiri. Anthu a pa ma ARV akukalamba tsopano, ena anenepa, ena ali ndi shuga. BP ikafika 180 pa 110, kuzula kosafulumira kuyenera kudikira. Wotsokomola milungu iwiri, wotuluka thukuta usiku, wotsika sikelo, ayambe wapita kukayezetsa makhololo, chifukwa wozula dzino amakhala nkhope ndi nkhope ndi wodwala.

Tsopano m'kamwa mwenimwenimo, pomwe pali phindu lalikulu ndiponso kutaya kwakukulu. Wodwala amaloza dzino limodzi, ndipo wothandiza wotopa amayang'ana dzino lomwelo. Chikhalirecho m'kamwa ndi malo amene amaulula msanga kuti chitetezo chatsika kapena mankhwala asiya kugwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake pano ndi mphindi ziwiri zokha: kupapasa mwanabele pansi pa nsagwada ndi m'khosi, kutembenuza milomo, kukoka masaya, kugwira lilime ndi kansalu n'kuyang'ana mbali zonse ziwiri ndi pansi pake, kenako kuwalitsa kumwamba kwa m'kamwa mpaka kukhosi. Nyale ya pa mpando ikafa, tochi ya foni imakwanira.

Zoyerayera zonga chambiko pa lilime ndi m'masaya, zimene zimachoka mukapukuta n'kusiya pofiira, ndi candida, matenda a fangasi. Mwa munthu wamkulu amene sanamwe mankhwala opha mabakiteriya posachedwa, alibe shuga ndipo savala mano oikirira, zimenezi zikamabwerabwera ndi chizindikiro cha gawo lachitatu mwa magawo anayi a matenda a HIV pa muyezo wa WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse. Pali mtundu wina wofiira, wopanda zoyera, umene umaotcha munthu akamadya za tsabola kapena kumwa tiyi wotentha, ndipo umenewu umaphonyedwa kwambiri. Wina umang'amba m'mbali mwa milomo. Funso losayenera kuiwalika ndi lakuti, "Nsima ikamatsika imapweteka pachifuwa?" Yankho likakhala eya, candida wafika kum'mero, limenelo ndi gawo lachinayi, ndipo nystatin, mankhwala amadzi ovumata ochizira candida, sangathandize. Pamafunika fluconazole wa 200 mg tsiku lililonse kwa masiku 14.

Nystatin yemweyo amalephera nthawi zambiri chifukwa cha kamwedwe. Munthu amapatsidwa botolo pa zenera la mankhwala popanda kufotokozeredwa, iye n'kumangomeza ngati mankhwala a chifuwa. Mankhwalawa amagwira pokhapokha akakhudza pamene pali vuto. Amafunika kumwedwa kanayi pa tsiku mukatha kudya, kuwavumata n'kuwazunguza m'kamwa mphindi ziwiri kapena kuposa musanameze, osadya kapena kumwa kanthu kwa theka la ola, kwa masiku 7 mpaka 14, ndipo mupitirize masiku awiri zoyera zitatha. Nystatin ali ndi shuga mkati mwake, choncho mano atsukidwe bwino pa masiku amenewa. Wovala mano oikirira awavule usiku n'kuwatsuka, apo ayi vuto limabwerera.

Mizere yoyera m'mbali mwa lilime, yoima ngati malata, yosachoka ngakhale mupukute, ndi hairy leukoplakia. Siipweteka ndipo siifuna mankhwala akeake, koma uthenga wake ndi womwewo: chitetezo chatsika.

Choopsa kuposa zonse ndi banga lakuda mofiirira kumwamba kwa m'kamwa kapena pa nkhama. Poyamba limakhala lafulati, losapweteka, kenako limatupa ngati nthudza. Imeneyi ikhoza kukhala khansa ya Kaposi, imodzi mwa khansa zofala m'dziko muno. Cholakwika chachikulu ndi kuliyesa chithupsa n'kulicheka, chifukwa limatuluka magazi ambiri ndipo mafinya mulibe. Anthu akuda timakhala ndi mabanga achibadwa pa nkhama, koma amenewo amakhala mbali zonse mofanana ndipo sakula. Banga latsopano, la mbali imodzi, lofiirira, lifunika kuyang'ananso miyendo ndi khungu lonse, kenako kalata yopita ku kiliniki ya ma ARV ndi ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, kumene angadule kachidutswa kukayeza ndi kuyamba chithandizo. Chilonda chilichonse cha m'kamwa chimene chatha milungu iwiri kapena itatu osapola chitsate njira yomweyo.

Nkhama zowola zimadziwika ndi fungo munthu asanayasamule bwino. Timinofu ta pakati pa mano timadyeka, pamwamba pamakhala zotuwa, magazi amatuluka mukangokhudza, ndipo ululu wake munthu amaumva mkati mwa fupa. Kuzula mano ogwedera tsiku lomwelo sikuthetsa kanthu. Chofunika ndi kutsuka mofatsa, metronidazole wa 400 mg katatu pa tsiku kwa masiku 3 mpaka 5, ndi chlorhexidine wa 0.2 peresenti, mamililita 10 ovumata kwa mphindi imodzi kawiri pa tsiku. Chlorhexidine asapitirire milungu iwiri chifukwa amadetsa mano ndi lilime, ndipo atalikirane ndi mankhwala otsukira mano kwa theka la ola. Vuto ndi lakuti chlorhexidine sapezeka nthawi zonse ku famase ya boma, moti wodwala amauzidwa kukagula. Wa metronidazole auzidwe momveka kuti mowa ayi, kaya ndi wa m'botolo, masese kapena kachasu, mpaka patapita masiku awiri mankhwala atatha. Mwa mwana wonyentchera, nkhama zotere zimatha kudya tsaya lonse m'masiku ochepa, matenda a noma, ndipo ameneyo ndi wogonekedwa tsiku lomwelo. Mwana wotupa masaya onse awiri pafupi ndi makutu kwa miyezi, osamva ululu, si matsagwidi ayi, ayezedwe HIV.

Munthu wosadziwa mmene magazi ake alili akapezeka ndi chimodzi mwa zizindikiro izi, chipinda chabwino chimamuuza mwaulemu n'kumuperekeza koyezetsa. Zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20.

Mbali ya mankhwala operekedwa potuluka ndi imene imafuna kusamala kuposa mmene anthu amaganizira. Tenofovir amatopetsa impso. Brufen wa masiku atatu mwa munthu wa impso zabwino si vuto, koma wodwala dzino amafika atamwa kale diclofenac kapena Indocid wa pa golosale kwa milungu, ndipo kumuwonjezera wina n'kuika impso pa ngozi. Panado wa 1 g pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g pa tsiku, ndiye poyambira. Mankhwala a ululu amenewa akaotcha m'mimba, munthu amathamangira magnesium trisilicate, ndipo ameneyu amamanga dolutegravir m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Pamafunika kumwa TLD maola 2 musanamwe mankhwala a m'mimbawo kapena patapita maola 6. Mapiritsi a ayironi ndi kashiamu amachitanso chimodzimodzi, pokhapokha amwedwe pamodzi ndi chakudya. Amene ali pa atazanavir, 7A kapena 8A, sayenera kupatsidwa omeprazole, mankhwala a zilonda za m'mimba, ndipo maso awo achikasu nthawi zambiri amachokera ku mankhwalawo, si chiwindi. Ritonavir, amene ali mu 7A ndi 8A momwemo, amakweza mphamvu ya mankhwala ogonetsa a midazolam ndi ma steroid ena, choncho zogonetsa ndi zopaka pa zilonda za m'kamwa zifunsidwe kaye. Carbamazepine, amene amaperekedwa pa ululu wa mtsempha wa kumaso wonga mphezi umene anthu amauyesa dzino, amatsitsa dolutegravir m'magazi, monganso phenytoin ndi phenobarbitone a khunyu. Miconazole wopaka m'kamwa ndi fluconazole amawonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, munthu n'kuyamba kutuluka magazi. Palibe amene angasunge zonsezi m'mutu pa mzere wa anthu 40. Pepala limodzi lomatidwa pa khoma pafupi ndi tebulo lolembera lingathetse zambiri, ndipo n'zodandaulitsa kuti si zipinda zonse zili nalo.

Malangizo a pambuyo pa kuzula amaperekedwa, koma mothamanga, kwa munthu amene mlomo wake uli dzanzi ndipo maganizo ali pa minibasi. Lumani thonje mwamphamvu kwa mphindi 30. Musavumate, musalavulelavule, musasute fodya tsiku limenelo, chifukwa magazi oundana m'dzenjemo ndiwo chivindikiro cha bala. Kuyambira mawa lake vumatani madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi, mukatha kudya. Ululu ukabwerera mwamphamvu tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, ndi fungo, chivindikiro chija chachoka ndipo fupa lili poyera, bwererani akatsuke. Kutupa kotsikira m'khosi, kutentha thupi, kulephera kuyasamula kapena kumeza malovu, zimenezo musadikire kuti kuche. Mawu amodzi amene amasowa pa malangizowa ndi akuti ma ARV amwedwe pa nthawi yake ngakhale tsiku lozula. Ena amadumphitsa poopa kusakaniza mankhwala, kapena chifukwa sanadye.

Chofooka china n'chakuti chipinda cha mano chasanduka chozulira basi. Zomatira mano zimasowa, makina oboolera akawonongeka amakhalitsa. Kwa anthu a HIV izi zimapweteka kwambiri, chifukwa ambiri amauma m'kamwa, ndipo malovu akachepa mano amabooka m'khosi mwake, pafupi ndi nkhama, angapo nthawi imodzi. Munthu wa zaka 35 amatha kutaya mano a matsakano chaka ndi chaka mpaka kulephera kutafuna chimanga chokazinga kapena nyama, pamene thupi lake likufuna chakudya chokwanira. Zoteteza zake n'zotchipa: mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wa 1,450 ppm kawiri pa tsiku, kulavula osatsukuluza ndi madzi, kumwa madzi pafupipafupi m'malo monyowetsa kukhosi ndi maswiti kapena zakumwa za shuga. Kwa ana omwa mankhwala amadzi otsekemera, kapu ya madzi pambuyo pake ndi mswachi usiku.

Ku zipatala zolipira chinsinsi chimasungika bwino, pali fomu yolemba, X-ray ndi zomatira zimapezeka. Koma ndalama sizigula chidziwitso cha HIV. Kumenekonso munthu akhoza kupatsidwa amoxicillin ndi metronidazole wosafunika, kapena kubwezedwa kuti akabwere ndi CD4 asanamutsuke mano, chinthu chopanda chifukwa kwa amene viral load yake ili pansi. Ubwino wa chipatala cha boma ndi wakuti kiliniki ya ma ARV, labotale ndi chipinda cha mano zili mu mpanda umodzi. Amene wakanidwa chithandizo kapena kuululidwa akhoza kudandaula kwa ombudsman wa pa chipatala kapena ku Medical Council of Malawi.

Mpanda umodziwo ndiwo sukugwiritsidwa ntchito mokwanira. Ku kiliniki ya ma ARV anthu amalandira mankhwala a miyezi 3 kapena 6 popanda wowauza kuti ayasamule, ndipo ku chipinda cha mano zimene zaoneka m'kamwa zimathera pa mawu akuti dzino lazulidwa. Inu wopita kukazulitsa, tengani kabuku kamene kali ndi mbiri ya ma ARV, musagule katsopano pa geti pofuna kubisa, ndipo tengani mabotolo a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a zitsamba ndi a pa golosale. Idyani musanapite. Mukakhala pa mpando, pemphani kuti akuyang'aneni m'kamwa monse. Ndipo wothandiza akaona kanthu, alembe m'kabukumo mizere iwiri yomveka, monga "zoyera m'kamwa milungu itatu, wapatsidwa nystatin, ayezedwe viral load ndi CD4", n'kumulozera wodwalayo khomo la kiliniki ya ma ARV tsiku lomwelo, thonje likadali m'kamwa.